Skimmer yodzipangira ikungosefukira: vuto lili pati, ndipo yatsopano ndiipange bwanji?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Durban, lokhudza skimmer, chipangizo chochotsa litsiro m'thanki ya nsomba ya madzi amchere pogwiritsa ntchito thovu:

"Akatswiri, kwathu ku Malawi ndinkaweta mbuna, koma kuno ndayamba thanki ya madzi amchere ya malita 300, yokhala ndi sump (kathanki kosefera madzi) ya malita 80 pansi pake. Muli tinsomba 6, makorali ofewa ndi ena awiri atatu a LPS (makorali a mafupa olimba ndi minofu ikuluikulu). Ma skimmer a m'sitolo andikulira mtengo, komanso kabati yanga ndi yaifupi, ndiye ndinadzipangira yanga. Ndinagwiritsa ntchito paipi ya PVC ya 110 mm, pampu ya fountain ya malita 2,000 pa ola, ndi venturi (kachubu ka kabowo kopanikiza kokokera mpweya m'madzi) yoboola ndekha. Papita masabata atatu. Tsiku lina siitulutsa kanthu, tsiku lina kapu yolandira thovu imadzaza madzi oyera m'mphindi zochepa n'kusefukira, makamaka magetsi akangoyaka. Tithovu tikuthawiranso m'thanki yaikulu. Kodi ndiitaye? Nanga ndikafuna kupanga ina ya acrylic, miyeso yake ikhale yotani?"

Yankho:

Zikomo achimwene polongosola bwino chonchi. Mtima ukhale m'malo, zonse mwatchulazi zili ndi zifukwa zodziwika ndipo zimakonzeka. Thanki ya malita 300 yokhala ndi tinsomba 6 singawonongeke chifukwa chokhala mwezi umodzi kapena iwiri yopanda skimmer, bola muzisintha madzi okwana malita 30 sabata iliyonse, muike kathumba ka activated carbon (makala osefera madzi) m'sump, ndipo pamwamba pa madzi pazigwedezeka bwino kuti okosijeni azilowa. Ndiye nthawi yopanga chinthu cholongosoka muli nayo. Pamene zinapindikira m'poyambira penipeni: munatenga paipi kaye, kenako n'kuifunira pampu. Skimmer imayambira pa mpweya umene pampu imakoka. Mukadziwa malita a mpweyawo pa ola, kukula kwa khosi (chubu chopapatiza cha pamwamba cholowera m'kapu), thupi ndi paipi yotulutsira madzi kumadziwika kokha.

Zomwe zimachitika mkatimo ndi izi. M'madzi a thanki mumasungunuka zinthu zochokera ku zakudya zotsala, ndowe za nsomba ndi zonanda zomwe makorali amatulutsa. Zina mwa zinthuzi zili ndi mbali ziwiri, ina yokonda madzi, ina yowathawa. Zikakumana ndi kathovu ka mpweya, mbali yothawa madzi ija imaloza mkati mwa kathovuko ndipo chinthucho chimakakamira pakhungu lake. Tithovu timakwera ndi katundu ameneyu mpaka pakhosi, pomwe timaunjikana, madzi apakati pake n'kumatsika, thovu n'kumauma, kenako lomwe likubwera m'munsi limakankha la pamwamba kuti ligwere m'kapu. Thovu lachikasu lomwe mumaliona pamchenga ku gombe nyanja ikawinduka limapangika momwemo. Mchere ndi umene umachititsa kuti zonsezi zitheke. M'madzi opanda mchere, tithovu tiwiri tikagundana timaphatikizana kukhala kamodzi kakakulu komwe kamaphulika msanga, pomwe m'madzi a m'nyanja yamchere timakhalabe tating'ono. N'chifukwa chake pa mbuna munalibe nayo ntchito skimmer. N'chifukwa chakenso kuyesera skimmer m'ndowa ya madzi a pampopi kumangokuuzani ngati ikudontha kapena ayi. Za mmene idzagwirire ntchito simungazione mmenemo.

Kukula kwa tithovu ndi nkhani yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Lita imodzi ya mpweya ikagawidwa m'tithovu ta 1 mm, khungu lake lonse limakwana masikweya mita 6. Lita yomweyo m'mathovu a 5 mm imangopereka masikweya mita 1.2. Mpweya ndi womwewo, koma malo okakamirapo litsiro achepa kasanu. Skimmer yabwino mkati mwake mumaoneka poyera mbee, osaona dzanja kuseri kwake. Komabe musaiyembekezere kuchita zonse. Ken Feldman, katswiri wa chemistry ku yunivesite ya Penn State ku America, atayesa ma skimmer osiyanasiyana cha m'ma 2009 ndi 2010 anapeza kuti amachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a zinthu zoterezi kapena kucheperapo, ndipo odula sanasiyane kwambiri ndi otchipa. Zotsalazo sizikakamira pathovu. Kwa munthu wodzipangira, imeneyi ndi nkhani yolimbikitsa: simukupikisana ndi luso lobisika la fakitale, mukungofunika miyeso yogwirizana.

Tsono pa skimmer yanuyo. Venturi yoikidwa kotulukira madzi a pampu imakoka mpweya pokhapokha madzi akamadutsa pakabowo kake mothamanga kwambiri, ndipo zimenezo zimafuna pampu yokankha mwamphamvu. Pampu ya fountain imatulutsa madzi ambiri koma ilibe mphamvu yokankha. Ikakumana ndi kabowo kopanikiza imafooka, mpweya umalowa wochepa, ndipo umalowa m'mathovu akuluakulu ogubuduka. Venturi yoboola pamanja imawonjezera vutoli chifukwa mkati mwake simukhala mosalala, komanso ngodya zolowera ndi zotulukira sizikhala zoyenera. Chachiwiri, madziwo achulukitsa poyerekeza ndi paipi. Malita 2,000 pa ola akamatsika m'paipi ya 110 mm amayenda masentimita opitirira 6 pa sekondi. Tithovu tating'onoting'ono sititha kukwera molimbana ndi liwiro lotere, timakokedwera pansi n'kutuluka limodzi ndi madzi. Ndi tomwe mukutiona m'thanki yaikulu. Onaninso shafiti ya pampuyo. Ikakhala yachitsulo ichita dzimbiri m'madzi amchere. Pampu za m'nyanja yamchere zimakhala ndi shafiti ya ceramic kapena titanium, ndipo pasakhale kachidutswa kalikonse ka kopa kapena brass kokhudza madzi, chifukwa kopa amapha makorali ndi nkhono ngakhale atachepa chotani.

Malangizo anga ndi akuti thupi mupange nokha, koma pampu mugule yopangidwira skimmer, ya mtundu wa needle wheel. M'pampu imeneyi venturi imakhala kolowera madzi, ndipo kawilo kozungulira mkati kali ndi timinga m'malo mwa mapiko. Mpweya ndi madzi zimalowera limodzi, timinga tija n'kuduladula mpweyawo kukhala tithovu ta pafupifupi 1 mm kapena kucheperapo. Makampani monga Sicce, Aquabee, Reef Octopus ndi Jebao amagulitsa mapampu oterewa paokha ngati sipeya. Pa thanki yanuyo funani yokoka mpweya wa malita 350 mpaka 500 pa ola. Ya DC yokhala ndi kabokosi kosinthira liwiro ndi yabwino kwa wodzipangira, chifukwa miyeso ikaphonyeka pang'ono mumangotsitsa liwiro. Alipo amene amachotsa mapiko a pampu wamba n'kumangirirapo ukonde wa pulasitiki wa Enkamat. Zimakoka mpweya ndithu, koma ukondewo umaperepeseka, kawilo kamayamba kugwedezeka, ndipo pampu yotero imakonda kukana kuyamba magetsi akayaka. Komwe magetsi amazimazima, njira imeneyi sindikulimbikitsani.

Nambala yolembedwa pabokosi musaikhulupirire musanayese. Ikani pampu m'sump pa kuya komwe izidzagwirira ntchito. Tengani jumbo yosadontha yomwe mukudziwa kukula kwake, tinene ya malita 10, muidzaze mpweya, muimangirire pakachubu ka mpweya ndi mphira, kenako muwerenge masekondi mpaka itafota. Ikafota m'masekondi 80, ndiye kuti pampu ikukoka malita 450 pa ola. Bwerezani katatu mutenge nambala yapakati. Dziwani kuti pampu ikadzalumikizidwa ku thupi, mpweya udzatsikako, chifukwa idzayamba kukankha mulu wa madzi uli pamwamba pake. Apa m'pamene pampu ya needle wheel imasiyanira ndi mitundu yakale: siikonda thupi lalitali. Skimmer yonse ya masentimita 50 mpaka 55 ndi yokwanira, ndiye kufupika kwa kabati yanu si vuto kwenikweni.

Khosi ndilo chiwalo chomwe anthu amaphonya kwambiri. Muyeso womwe umagwira bwino ntchito ndi malita 10 mpaka 15 a mpweya pa ola pa sikweya sentimita iliyonse ya kukamwa kwa khosi. Chubu cha 75 mm, chomwe mkati mwake ndi pafupifupi 69 mm, chili ndi masikweya sentimita 37, ndiye chimayenera mpweya wa malita 370 mpaka 550. Cha 50 mm chimayenera malita 170 mpaka 250. Khosi likachepa, thovu limathamanga lisanaume, ndipo kapu imadzaza madzi oyera ngakhale mutsegule valavu yonse. Likakula kwambiri, thovu limakanika kugwirana kuchoka mbali ina kufika ina, limaphwa pakati, litsiro n'kumangomatirira m'khosi osafika m'kapu. Vuto lachiwirili limagwera amene amaganiza kuti skimmer yaikulu ndiyo yabwino. Pa thanki ya nsomba zochepa ngati yanu, skimmer yaikulu imagwira masiku awiri kenako n'kukhala chete sabata yonse, chifukwa zinthu zomangira thovu zatha. Mukakayika pakati pa miyeso iwiri, tengani wochepawo.

Nayi miyeso yomwe ndingakupatseni pa mpweya wa malita 450. Thupi likhale chubu cha acrylic cha 150 mm, chochindikala 3 mm, chotalika 280 mpaka 300 mm, chokhazikika pambale yapansi ya 8 kapena 10 mm. Pamwamba pake pabwere chigawo chopendekera chochoka pa 150 kufika pa 75 mm, chotalika 60 mpaka 80 mm. Khosi la 75 mm litalike 120 mpaka 140 mm, ndipo gawo lalikulu la khosilo lidzakhala mkati mwa kapu. Pampu ikhale kunja kwa thupi, pambali pake m'sump momwemo. Kuiika mkati kumapulumutsa malo koma kumavutitsa popanga ndi potsuka.

Madzi ndi mpweya zikachoka m'pampu zisalowe mwachindunji m'thupi, chifukwa zimavundula zonse n'kumaphwanya thovu. Zilowe kaye m'kachipinda kapakati, chubu cha 90 mm chotalika 70 kapena 80 mm, chomatidwa pakati pa mbale yapansi, chokhala ndi chivindikiro cha mabowo pamwamba. Chivindikiro chimenechi chimathetsa chipwirikiti, tithovu n'kumakwera mowongoka ndi mofatsa. Chikhale chochindikala 5 kapena 6 mm, chokhala ndi mabowo 50 mpaka 60 a 6 mm. Mabowo onse pamodzi ayenera kuposa kukamwa kwa pampu katatu kapena kanayi. Akachepa, amapanikiza pampu ndipo mpweya umatsika. Pakati penipeni, pomwe madzi amamenya mwamphamvu, musiye posaboola. Chimangidwe ndi masikuluwu a nayiloni, musachimate, chifukwa tinkhono ndi timiyala timalowa mmenemo ndipo mudzafuna kutsegula. Mbale yapansi nayonso izitseguka, apo ayi chivindikirocho chizitha kutuluka kudzera pamwamba. Mpata wozungulira pakati pa kachipindaka ndi khoma la thupi ndi momwe madzi amatsikira. Pa miyeso iyi, madzi a malita 800 pa ola amatsika masentimita 2 okha pa sekondi, ndipo tithovu tambiri timatha kubwerera m'mwamba.

Potulukira madzi pakhale pansi penipeni pa khoma, ndipo paipi yake ikule kuposa yolowera. Ngati yolowera ndi ya 25 mm, yotulukira ikhale 40 mm. Poboola khoma lozungulira, mphira ya Uniseal imathandiza kwambiri: mumaboola bowo la muyeso wake, kulowetsa mphira, n'kukankhiramo paipi, popanda guluu. Paipiyo ikwere m'mwamba ifike pa T, nthambi ina ipitirire mmwamba ili yotsegula kuti mpweya uzituluka, inayo ipite ku valavu. Popanda nthambi yotsegulayo, paipi imayamba kuyamwa madzi yokha kenako n'kusiya, ndipo madzi m'thupi amangokwera ndi kutsika. Valavu ikhale gate valve ya pulasitiki. Ball valve imatseka ndi kutsegula mwaphuma, mukaikhudza pang'ono madzi akwera masentimita asanu, pomwe gate valve imafuna kupotokola kangapo, ndiye mumasuntha madzi pang'onopang'ono. Kukamwa kwa paipi kuthere pamwamba penipeni pa madzi a m'sump, osati pansi pakuya.

Tifike pa kusefukira kwanu kuja, komwe mbali yaikulu si vuto la skimmer ayi, koma la sump. Pampu ikamira kwambiri imakankha madzi ambiri ndipo thovu limakwera. Madzi akatsika chifukwa cha kuuma, thovu limatsika. Kusintha kwa sentimita imodzi yokha kumatha kusandutsa skimmer yofatsa kukhala yosefukira kapena yogona. M'sump yopanda zipinda, madzi amatsika tsiku ndi tsiku, inu n'kuthira ndowa yowonjezera, n'kukwera nthawi imodzi. Ndi chifukwa chake lero siitulutsa kanthu, mawa yadzaza kapu. Matani galasi lopingasa m'sump kuti skimmer ikhale ndi chipinda chake, madzi azisefukira pamwamba pa galasilo kupita ku chipinda cha pampu yobwezera madzi kumtunda. Mukatero, kuuma kwa madzi kumaonekera ku chipinda chachiwiricho, kwa skimmer kuya kumakhala chimodzimodzi. Mapampu ambiri amtunduwu amafuna kuya kwa masentimita 15 mpaka 22. Galasi likatalika kuposa apo, kwezani skimmer pakatebulo ka PVC kapena egg crate (mbale ya pulasitiki ya mabowomabowo). Galasi lachiwiri ndi lachitatu, madzi n'kumadutsa pamwamba, pansi, pamwamba, amagwira tithovu totsala tisanapite kumtunda.

Za magetsi n'zomwezo. Akazima, madzi a m'mapaipi ndi a pamwamba pa thanki amatsikira m'sump n'kukweza madzi masentimita angapo. Akayaka, skimmer imayamba ili yomira mopitirira, ndipo imasefukira pampu yobwezera isanatsitse madziwo. Mankhwala ake ndi kachipangizo kochedwetsa magetsi, delay timer, kuti skimmer iziyaka patapita mphindi 3 mpaka 5. Mapampu ena a DC amabwera nako kale m'kabokosi kawo. Ngati mulibe, muziizula skimmer pasoketi magetsi akazima, koma kumeneko n'kudalira kuti muli pakhomo.

Paipi yanu ya 110 mm mutha kuipulumutsa ngati ndalama zavuta. Ipezereni pampu ya needle wheel yaing'ono ya mpweya wa malita 200 mpaka 250, khosi la 50 mm loonekera mkati, ndi potulukira monga ndafotokozera. Pa nsomba zomwe muli nazo panopa ikwanira, ngakhale mukadzawonjezera idzachepa. Mutha kupanganso yaikulu ndi PVC ya 160 mm, n'kugwiritsa ntchito reducer ngati chigawo chopendekera. Onetsetsani kuti reducer yake ndi ya bowo la pakati, chifukwa ambiri a mapaipi a zonyansa bowo lawo limakhala m'mbali ndipo thovu limakwera mopendama. Kuipa kwa PVC n'kwakuti simuona mkati, ndiye khosi ndi kapu zokha zikhale zoonekera. Chigawo chopendekera cha acrylic amachipanga potenthetsa mbale ya 4 kapena 5 mm mu uvuni wamagetsi pa 150 mpaka 170 °C mpaka itafewa, kuipanikiza pakati pa mphete ziwiri za plywood, n'kukankha pakati pake ndi thabwa lozungulira. Pamafunika kuyesa kangapo, choncho gulani mbale yopitirira. Fanulo ya kukhitchini musaiyese, pulasitiki yake siigwira guluu aliyense.

Pa acrylic, pali wa cast ndi wa extruded. Wa extruded ndi wotchipa, koma amasungunuka pobooledwa ndipo amachita timing'alu tating'onoting'ono akakhudzana ndi mankhwala omatira. Wa cast ndi wodula koma amapirira. Ngati thumba silikulola, chubu chikhale cha extruded, mbale zonse zikhale za cast. Silicone sagwira pa acrylic, amangooneka ngati wagwira n'kudzamatuka patapita miyezi. Acrylic amamatidwa ndi mankhwala osungunula mbali ziwirizo kuti zikhale chimodzi, monga Weld-On 4 yemwe ndi wamadzimadzi, Weld-On 16 kapena Tensol 12 omwe ndi okhuthala. Wamadzimadziyo satseka mpata, ndiye m'mphepete mwa chubu muyenera kukhala mowongoka kotheratu. Matani sandipepa pagalasi lafulati, muzikhuta chubucho pamenepo mozungulira mpaka chikaima pambale pasaoneke kuwala pansi pake. Ikani timawaya toonda kapena masingano pakati pa chubu ndi mbale, lowetsani mankhwala ndi jakisoni kuzungulira konse, dikirani masekondi 20 kapena 30, zulani timawayato, kenako ikani cholemera pang'ono pamwamba. Musasunthe kwa maola angapo, ndipo madzi alowemo patapita masiku awiri kapena atatu. Pomata acrylic ndi PVC pamafunika guluu wosakaniza mabotolo awiri monga Weld-On 40 kapena Tensol 70. M'mphepete modulidwa ndi laser kapena mosalazidwa ndi moto mumang'aluka mukangothirapo mankhwala, choncho kwa odula pemphani kuti adule ndi router kapena sowo. Musapukute acrylic ndi sipiriti kapena acetone. Poboola, dirilo iziyenda pang'onopang'ono, thabwa likhale pansi, ndipo muzithirapo madzi. Mankhwala omatirawa fungo lake ndi loipa m'thupi, gwirirani ntchito panja, mutavala magolovesi ndi magalasi, kutali ndi moto ndi ana.

Kapu ikhale chubu cha 150 mm chotalika 130 mpaka 150 mm, khosi litamatidwa pakati pa mbale yake yapansi. Izilumikizana ndi thupi pongolowetsa pa O-ring kapena ndi union ya PVC, kuti muzitha kuichotsa ndi dzanja limodzi. Yesani kabati musanadule chilichonse: pamwamba pa chivindikiro patsale masentimita 4 kapena 5 oti muzikwezera kapu. Pakati pa mlomo wa khosi ndi chivindikiro pakhale mpata wa 12 mpaka 15 mm, ndipo kunsi kwa chivindikiro mumatepo kamphete kokulirapo kuposa khosi, kolendewera 20 mm, koti kazibweza thovu pansi. Chivindikirocho chikhale ndi mabowo 6 kapena 8 a 6 mm cha m'mphepete. Mpweya wonse womwe pampu ikukoka umatulukira pamenepo, ndipo mabowo akachepa thovu limapanikizika n'kutsika. Ambiri amaika kachubu kotulutsira litsiro m'botolo. N'zothandiza, koma pali ngozi: skimmer ikapenga usiku, kapu yopanda kachubu imasefukira m'sump momwemo, pomwe ya kachubu imatha kukhuthulira sump yonse pansi, pampu yobwezera n'kupsa. Mukaika kachubu, m'botolomo muikenso float switch yozimitsa skimmer botolo likadzaza.

Mukamaliza, tsukani zonse ndi madzi ofunda osakaniza ndi viniga, opanda sopo, kenako tsukuluzani. Yatsani valavu ili yotsegula yonse. Sabata yoyamba kapena ziwiri skimmer yatsopano imakhala yosakhazikika chifukwa cha mafuta a m'manja ndi a pulasitiki, mpaka makoma atakutidwa ndi kautoto koterera ka mabakiteriya. Nthawi imeneyi musalimbane nayo. Ikakhazikika, tsekani valavu pang'ono mpaka malire a pakati pa tithovu toyera tothinana ndi thovu lokulirapo afike m'munsi mwa khosi. Mukapotokola, dikirani ola lathunthu musanapotokolenso. Ambiri amasokoneza skimmer yabwinobwino poisintha mphindi zisanu zilizonse. Zotuluka zikhale za mtundu wa tiyi wakuda wopanda mkaka, zonunkha, kapu n'kumafika theka m'masiku atatu kapena anayi. Zikakhala zoyererako ndi zambiri, mukuchotsa madzi amchere ambiri. Lita imodzi patsiku, mukamabwezera madzi opanda mchere, imatsitsa mchere wa thanki yanuyo kuchoka pa 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi) kufika pafupifupi 32 m'mwezi umodzi. Muziyesa mchere ndi refractometer (kachipangizo koyezera mchere) sabata iliyonse kuti izionetsa 1.025 kapena 1.026, zomwe ndi pafupifupi 35 ppt.

Pali zinthu zomwe zimagwetsa thovu kwa ola limodzi kapena angapo: kupisa dzanja m'thanki, chakudya chamafuta monga mysis wozizira, utsi wokazingira. Limadzuka lokha, musakhudze valavu. Zina zimalipengetsa: epoxy yomatira makorali, mankhwala ochotsa chlorine okhala ndi aloe, filter sock (kathumba ka nsalu kosefera madzi) yatsopano yosachapa, ndi mankhwala opha ndere yofiira. Mukagwiritsa ntchito zoterezi, zimitsani skimmer kapena chotsani kapu kuti izingobwezera m'sump. Chomwe ndikufuna musaiwale n'chakuti skimmer imalowetsa m'madzi mpweya wa m'chipinda malita mazanamazana pa ola. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, koyilo ya udzudzu, penti, utsi wa jenereta, zonsezi imazimeza. Mukafuna kupopera, zimitsani, phimbani thanki, tsegulani mazenera maola angapo. M'nyumba yotsekedwa ya anthu ambiri, carbon dioxide amachuluka ndipo pH imatsika mpaka 7.8. Kukoka kachubu ka mpweya kupita panja kumathandiza, koma kachubu kakatalika kakulenso, mwina 16 mm, kuti kasapanikize pampu. Kaphokoso ka mluzu kamatha mukadutsitsa mpweya m'kabotolo kotsekedwa ka mabowo awiri.

Khosi muzilipukuta kawiri pa sabata, chifukwa litsiro lomatirira limaphwetsa thovu. Venturi imatsekeka ndi mchere pomwe mpweya umakumana ndi madzi, ndipo chizindikiro chake n'chakuti madzi m'thupi amakwera okha, tithovu n'kuchepa. Sabata iliyonse lolani kachubu ka mpweya kayamwe theka la kapu ya madzi ofunda a RO (osefedwa kwambiri, opanda mchere). Miyezi itatu kapena inayi iliyonse masulani pampu, muiviike m'viniga kapena m'madzi a citric acid kwa maola angapo, muchotse tinkhono pakati pa timinga. Muziyesanso nitrate ndi phosphate. Skimmer siichotsa zimenezi mwachindunji, imangochotsa zomwe zikanawola n'kuzipanga. Makorali ofewa ndi a LPS amakonda madzi okhala ndi kachakudya, nitrate wa 2 mpaka 10 ppm ndi phosphate wa 0.03 mpaka 0.1. Zonse zikafika pa ziro, makorali amafwifwa ndipo ndere yoopsa ya dinoflagellates imapeza mpata. Zikatero chepetsani liwiro la pampu kapena muziizimitsa masana maola ena. Usiku iziyaka, chifukwa ndi nthawi yomwe okosijeni amatsika.

Musanagule chilichonse, werengerani mtengo wa chubu, mbale, guluu, valavu ndi pampu, muyerekeze ndi skimmer yogwiritsidwapo kale ntchito kwa anzanu oweta. Pa thanki ya malita 300, kawirikawiri kusiyana kumakhala kochepa, ndipo kudzipangira kumapindula kwenikweni pomwe kabati ili ndi miyeso yachilendo ngati yanu, kapena mwapeza pampu yabwino motchipa. Kwa ena owerenga amene thanki yawo siipitirira malita 100, chubu cha 75 mm chotalika masentimita 60, madzi olowera pamwamba n'kumatsika mofatsa, ndi kathabwa ka limewood kotulutsa tithovu pansi kolumikizidwa ku pampu ya mpweya, chimagwira ntchito bwino kwambiri, bola kathabwako kazisinthidwa mwezi ndi mwezi.

Pali pomwe muyenera kuitana ena. Mukamva kunyerenyetsa popisa dzanja m'madzi, zimitsani zonse pa main switch, musayesenso ndi dzanja, muitane wa zamagetsi. Masoketi onse a thanki akhale pa earth leakage (chozimitsa magetsi akamathawira kwina) ya 30 mA, akhale pamwamba kuposa sump, ndipo chingwe chilichonse chiyambe chatsika pansi chisanakwere ku soketi kuti madzi asayenderere. Mukaona timing'alu toyera tikufalikira pomwe munamata, musamatenso pamwamba, pitani nacho kwa opanga zinthu za acrylic akadule chigawocho. Ozone, mpweya womwe ena amaulowetsa mu skimmer kuti uyeretse madzi, musaiyambe nokha: imadya mphira wamba, imapsereza nsomba ikachuluka, ndipo ndi yoipa m'mapapo a anthu a m'nyumbamo. Nsomba zikamapuma mwabefu kapena kusonkhana pamwamba, imeneyo si nkhani ya valavu, yesani ammonia ndi kutentha kwa madzi, wonjezerani mpweya, musinthe madzi, ndipo tengani madzi pang'ono kusitolo ya nsomba za m'nyanja akayese. Potsuka kapu valani magolovesi ngati muli ndi bala. Bala la padzanja likatupa, kufiira, kapena kutuluka timatuza tosapola, pitani kuchipatala ndipo mukawauze adokotala kuti mumagwira madzi a thanki ya nsomba, chifukwa mabakiteriya ake monga Vibrio ndi Mycobacterium marinum amafuna mankhwala osiyana ndi a zilonda wamba.

Sabata ino yambani ndi galasi la m'sump, kenako pampu ndi kuyesa kwa jumbo kuja. Mukapeza nambala ya mpweya, kuya kwa chipinda cha skimmer ndi kutalika kwa mkati mwa kabati, tumizaninso tidzawerengere limodzi khosi musanadule chubu.